Kubira pa sitima yomira: momwe mungatsikire mamita 30 n'kubwerako mpweya ulipo

Munthu amaphunzira kubira ndi silinda, n'kuzolowera miyala ya pa Namalenje kufupi ndi Senga Bay, pomwe mbuna zimakuzungulira ngati nkhuku zaona mphale, ndiye amayamba kudzimva kuti nyanja waidziwa. Tsiku limene amutengera pa sitima yomira m'pamene zimamuonekera. Wina amafika pansi, asanaone ngakhale chiwongolero, geji ikuonetsa kuti mpweya wafika kale theka. Wina amapalasa matope ndi mafini mpaka anzake onse akungoona madzi ofiira ngati a Linthipe mu Januwale. Wina amachita zonse bwino m'madzimo n'kudzalakwitsa kumtunda, pokwera minibasi ya ku Lilongwe pa Kamuzu Road tsitsi lisanaume.

Onsewa mtima ali nawo, chimawagwetsa ndi kuya. Sitima zambiri zimene anthu amazilakalaka zili pa mamita pafupifupi 30. Kwa ife a ku Salima yapafupi ndi boti lachitsulo lomwe linamizidwa dala kufupi ndi chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo lili pa kuya kumeneku. SS Thistlegorm, sitima ya Britain yotalika mamita oposa 120 imene ndege za Germany zinaiphulitsa pa 6 Okutobala 1941 m'nyanja ya Red Sea ku Egypt, nayonso yagona pa kuya komweku, njinga zamoto ndi malole zikadali m'kati. Mukakhoza pa nyanja yathu ino, kwinako mukangosintha zochepa.

Malangizowa ndi a munthu amene ali kale ndi satifiketi ya scuba, kubira ndi silinda ya mpweya. Ngati simunaphunzirepo, yambani mwapeza mphunzitsi. Zowerenga pa foni sizipumitsa munthu pansi pa madzi.

## Zoyenera kukhala nazo

- Satifiketi yololeza mamita 30. Ya Open Water imathera pa mamita 18, ndiye mukufunika ya Advanced kapena yofanana nayo.
- Silinda ya malita 12 yodzaza mpaka 200 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wa m'silinda, womwe geji imaonetsa). Ngati mumadziwa kuti mumamwa mpweya kwambiri, pemphani ya malita 15.
- Regulator, chida chopumira chomwe chimamangidwa pa silinda, yokhala ndi chopumira chachiwiri chopatsa mnzanu, komanso geji yooneka bwino.
- Jekete la mpweya lija timati BCD, masiki, mafini ndi lamba wa mtovu wokuthandizani kumira.
- Suti ya mamilimita 3 m'nyengo yotentha, ya 5 mu Juni ndi Julayi.
- Kompyuta ya pamkono yowerenga kuya ndi nthawi, yanuyanu. Anthu awiri sagawana kompyuta imodzi.
- Tochi ya m'madzi, ngakhale masana.
- Zodulira ziwiri, mpeni ndi kasizasi kapena kachodulira zingwe, zoikidwa malo osiyana, pomwe dzanja lililonse lingafike.
- Boya lofufumitsa, loonetsa a m'boti pomwe muli, ndi chingwe chake, komanso wezulo.
- M'boti: botolo la okosijeni, madzi akumwa, mafuta a injini okwanira ulendo wopita ndi wobwera, foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi.

Za okosijeni musachite nazo manyazi. Funsani mwini boti kuti akuonetseni botololo. Akayankha kuti "lili ku ofesi, bwana," ndiye kuti palibe.

## 1. Dziyezeni musanalipire boti

Pitani pa miyala ya Namalenje kapena ku zilumba za Maleri, pa mamita 8 mpaka 10, mukayese chinthu chimodzi chokha: kuyandama pakati pa madzi kwa mphindi yathunthu, manja mutapinda, osagunda pansi komanso osakwera. Mukapuma m'kati muzikwera pang'ono, mukatulutsa muzitsika pang'ono, basi. Kenaka sambirani chogona, mawondo opinda, mafini akuloza m'mwamba, mukupalasa ngati chule. Mukacheuka n'kuona mtambo wa matope kumbuyo kwanu, sitima iyambe yadikira.

Ngati papita miyezi isanu ndi umodzi osabira, bwerezani kaye ndi mphunzitsi pamalo osaya. Ndipo chimfine si chinthu chochepa pano: mphuno zotsekeka sizilola makutu kutseguka. Amene ali ndi mphumu, khunyu, matenda a mtima kapena a shuga aonane ndi dokotala, ndipo mayi woyembekezera asabire.

Chenjezo: zilumba za Maleri zili m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Thumbi West nayonso ili momwemo. Pali ndalama yolowera, ndipo kugwira nsomba kufupi ndi zilumbazi n'koletsedwa.

## 2. Sankhani nyengo, kenaka mverani asodzi

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umavuta, ndipo ukhoza kukuntha masiku angapo osapuma. Nthawi ya dzinja mitsinje ngati Linthipe, Bua ndi Dwangwa imathira matope m'nyanja, madzi a kufupi ndi gombe n'kuda. Ine ndimakonda Seputembala mpaka Novembala, pomwe madzi amayera ndi kufunda, ngakhale kuti chakumapeto kwa chaka mpoto umatha kudzidzimutsa.

Nyamukani m'mamawa. Musanakankhe boti, pitani pomwe asodzi akusoka maukonde mukafunse: "Madala, nyanjayi mukuiona bwanji lero?" Akayang'ana kummwera n'kupukusa mutu, bwererani mukamwe tiyi. Foni imalosera za dera lonse, iwo amadziwa za gombe lomwelo.

Afunseninso za ng'ona ndi mvuu. M'mathiriro a mitsinje, m'mabango ndi kufupi ndi Chia ku Nkhotakota si malo oyesererapo zida.

## 3. Konzani kompyuta ndi mtovu molingana ndi madzi ake

Apa m'pomwe alendo ochokera kunyanja zamchere amapunthwa, ndipo ife eni ake timaiwalanso. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu. Malamulo a kubira amati malo alionse opitirira mamita 300 ndi okwera, ndipo pamalo okwera thupi limafuna kusamala kwambiri potuluka. Makompyuta ena amazindikira okha, ena muyenera kuwauza. Tsegulani yanu muone, ndipo muiuzenso kuti madziwa ndi opanda mchere.

Ngati mukugwiritsa ntchito tebulo ya PADI, bungwe lophunzitsa kubira, yomwe imanena nthawi yomwe mungakhale pansi nayitrojeni ya mu mpweya womwe mukupuma isanachuluke m'thupi, mzere wa mamita 30 umapereka mphindi 20. Koma pa nyanja yathu mamita 30 amawerengedwa ngati opitirirapo pang'ono, ndiye mumagwera pa mzere wotsatira, wa mamita 35, womwe umapereka mphindi 14 zokha. Mphindi zisanu ndi imodzi zimenezo ndi zomwe anthu amaba osadziwa.

Mtovu nawo: madzi opanda mchere sakunyamulani ngati amchere, choncho pano mumafuna wochepa. Yezani chonchi. Muli pamwamba pa madzi, jekete lopanda mpweya, mwapuma mwachizolowezi n'kugwira mpweyawo, madzi azifika m'maso. Mukatulutsa mpweya muzimira pang'onopang'ono. Ngati mwayeza ndi silinda yodzaza, onjezani makilogalamu awiri, chifukwa silinda imapepuka ikamatha. Mukadzapita ku Red Sea kapena ku Aliwal Shoal ku South Africa, yezaninso. Kawirikawiri mudzafuna makilogalamu awiri kapena atatu oonjezera.

## 4. Werengani mpweya muli kumtunda

Tengani cholembera. Silinda ya malita 12 pa 200 bar ili ndi malita 2,400 a mpweya. Munthu wodekha amapuma malita pafupifupi 20 pa mphindi ali pamwamba. Pa mamita 30 mphamvu ya madzi ndi kanayi, ndiye amadya malita 80 pa mphindi. Mukachotsa 50 bar yomwe muyenera kutuluka nayo, mwatsala ndi malita 1,800, kutanthauza mphindi 22, ndipo m'menemo muchotsemonso za potsika, za pokwera ndi za poima pa mamita 5 musanatuluke. Mukachita mantha kapena mukamalimbana ndi madzi oyenda, 80 uja amatha kufika 120 kapena kupitirira.

Mwaona tsopano chifukwa chake silinda yomwe imakukhalitsani ola lathunthu pa Namalenje imatha ngati shuga wa pamaliro mukafika pa sitima.

Gwirizanani manambala atatu ndi mnzanu musanavale: pa bar zingati mutembenuka, pa bar zingati mukhala mutagwira chingwe, ndi mphindi zingati zomwe simupitirira. Ine ndimatembenuka pa 130, ndimafuna kukhala pa chingwe ndikadali ndi 100, ndipo woyamba kufika pa nambalayo ndiye walamula tonse. 50 bar ndi yotulukira m'madzi, si yonyamukira pansi. Pa mamita 30, anthu awiri opumira silinda imodzi, 50 bar siingawakwanire kukwera mwadongosolo.

Ngati mwaphunzira za nitrox, mpweya wa m'silinda woonjezeredwa okosijeni, ya 32 peresenti imakuonjezerani nthawi pa kuya kumeneku, koma malire ake ndi mamita pafupifupi 33, ndipo siichulukitsa mpweya wa m'silinda. Iyezeni nokha musanaimange.

## 5. Mverani wotsogolera, yang'anani zida za mnzanu

Wotsogolera akamafotokoza, siyani kujambula. Mufunika kudziwa kuti chingwe chamangidwa mbali iti ya sitima, kutsogolo kuli kuti, mwazungulira cha kumanja kapena kumanzere, ndipo mukasochera mutani. Lamulo lofala ndi kufunafuna kwa mphindi imodzi, kenaka kukwera pang'onopang'ono n'kukakumana pamwamba.

Musanamange regulator, tsegulani silinda pang'ono mununkhize. Mpweya wabwino sununkha kanthu. Ukamveka fungo la mafuta kapena utsi, ikaneni silindayo. Kompresa yodzazira masilinda ikaikidwa pafupi ndi jenereta imakoka utsi, ndipo utsi umenewo pansi pa madzi umakomola munthu. Koma dziwani kuti mpweya woipa wa mu utsi uja paokha sununkha, ndiye ndi bwinonso kuona pomwe amadzazira.

Kenaka yang'ananani awiriwiri: jekete likufufuma ndi kuphwa, mtovu uli pomwe mungaumasule msanga, zomangira zonse zagwira, silinda yatsegulidwa yonse. Pumani katatu mukuyang'ana geji. Singano ikamagwedera, vavu siinatseguke bwino. Zonse zolendewera, geji, chopumira chachiwiri, tochi, zimangeni pathupi. Pa sitima chilichonse cholendewera chimakodwa.

## 6. Tsikani ndi chingwe, mapazi patsogolo

Musasiye chingwe poganiza kuti sitima muiona. Pa nyanja yathu, tsiku labwino mumaona mamita 15 kapena 20, tsiku lina 5 okha. Mukalakwitsa pang'ono mudzafika pa mchenga wopanda kanthu, osadziwa kolowera.

Tsegulani makutu musanamve kupweteka: tsinani mphuno, kankhani mpweya pang'ono ngati mukumina mwaulemu, pa mita iliyonse m'mamita 10 oyamba. Khutu likakana, kwerani mita imodzi muyesenso. Likakana katatu, uzani mnzanu mubwerere. Kukakamiza kumaboola khutu.

Mukamatsika, suti imafinyika ndipo mumalemera. Thirani mpweya m'jekete pang'onopang'ono njira yonse, kuti mukafika mamita awiri pamwamba pa sitima mukhale mutaima kale pakati pa madzi. Olakwitsa amagwa ngati thumba la simenti, n'kutera pa chitsulo chadzimbiri ndi mawondo.

Ku Thistlegorm madzi amakoka kwambiri, moti nthawi zina munthu amalendewera pa chingwe ngati mbendera. Kumeneko magolovesi amathandiza, ndipo dzanja limodzi lisachoke pa chingwe mpaka mutabisala kuseri kwa sitima.

## 7. Mphindi yoyamba pansi ndi ya inu, si ya sitima

Imani. Yang'anani geji, kompyuta, mnzanu. Onani bwino pomwe chingwe chamangidwa ndi chomwe chili pafupi nacho, chifukwa pobwera malowo adzaoneka osiyana.

Kenaka dzifunseni ngati mutu uli bwino. Pa mamita 30 nayitrojeni imaledzeretsa. Ena amasangalala popanda chifukwa, ena amachita mantha, ambiri amangochedwa kuganiza, ngati munthu amene wamwa masese m'mimba mulibe kanthu koma akuumirira kuti ali bwinobwino. Mukayang'ana geji kawiri osakumbukira nambala, ndi yomweyo. Mankhwala ake ndi kukwera mamita atatu kapena asanu, imachoka yokha.

## 8. Zungulirani kunja, maso ali pa maukonde

Yambani ndi mbali yakuya, mumalize ndi yapamwamba. Ngati madzi akuyenda, yambani molimbana nawo kuti pobwera akukankheni. Sitima ikhale mbali imodzi ya thupi lanu nthawi yonse, ndipo siyani mpata wa mkono umodzi pakati pa inu ndi chitsulo. Malata odyeka ndi dzimbiri amacheka ngati lezala.

Choopsa chenicheni pa nyanja yathu ndi ukonde. Chilichonse chomira chimakola matchera ndi zingwe za mbedza, ndipo ulusi wa nayiloni wa masiku ano suoneka m'madzi. Ine unandigwirapo pa vavu ya silinda, kumbuyo kwa khosi, pomwe maso safika. Ndinachita zomwe aliyense amachita: ndinatembenuka kuti ndione. Kutembenuka kumeneko kunandikulunga kawiri. Mnzanga anandigwira phewa, n'kundionetsa chikhatho kuti ndiime, n'kudula ulusiwo m'masekondi ochepa. Titatuluka anangoti, "Achimwene, mumafuna mukhale chambo cha ndani?" Geji yanga inali itatsika ndi 30 bar pa kanthawi kameneko.

Ndiye mukamva kuti china chakukokani: imani, pumani, itanani mnzanu pomenya silinda ndi mpeni, bwererani m'mbuyo momwe munadzera. Osazungulira. Kudula nokha ndi njira yachiwiri, ndipo kuvula jekete ndi yomaliza.

## 9. Kuona nsomba

Pano m'pomwe ndalama yanu yapita, ndiye musathamange. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa sitima mawuwa ndi oona ndithu. Pansi pa nyanja pomwe pali mchenga wokhawokha, chitsulo chomira chimasanduka mudzi. Ndere zimamera, tizilombo timabwera, nsomba zing'onozing'ono zimapeza pobisala, zikuluzikulu zimatsatira.

Sankhani malo amodzi, yandamani, khalani phee kwa mphindi ziwiri. Nsomba zomwe zinathawa thovu lanu zimabwerera. Pamwamba pa sitima mudzaona utaka uli m'magulu, mitu italoza komwe madzi akuchokera. Pa chitsulo penipeni mbuna zimakhala zikupala ndere, yamphongo iliyonse ikulondera kadera kake n'kuthamangitsa anzake. Yang'anani nsomba yomwe kukhosi kwatupa ndipo siikudya: imeneyo ndi mayi, yafungatira mazira kapena ana m'kamwa. Mukakhala ndi mwayi idzawalavula kuti adye, ndipo mukangosuntha idzawabwezera onse m'kamwa nthawi imodzi. Ndaziona kambirimbiri koma sizinanditopetse.

Tsopano yatsani tochi. Pa mamita 30 mtundu wofiira ndi wachikasu umazimirira, zonse zimaoneka zobiriwira motuwa, ndipo tochi ndiyo imabweza mitundu. Unikani pansi pa sitima, pomwe chitsulo chakumana ndi mchenga. Kumeneko ndi kwa kampango. Kampango timangomudziwa pa mbale ndi nsima, koma m'madzi ndi kholo losamala: wamkazi ndi wamwamuna amalondera ana limodzi, ndipo wamkazi amaikira mazira ena oti anawo azidya. Mukamupeza ali ndi ana, musayandikire kwambiri, ndipo musamuunike m'maso. Akachoka pamalopo, nsomba zina zimalowerera anawo nthawi yomweyo. M'ming'alu mudzapezamonso nkhanu za buluu, ndipo pa mchenga wozungulira muone timabeseni tomwe nsomba zamphongo zimakumba pokopa zazikazi.

Ku nyanja zamchere mudzi wake ndi wina. Pa Thistlegorm pamakhala barracuda, batfish, akamba a m'madzi, ndi crocodilefish yomwe imagona pa chitsulo osaoneka. Kumeneko lamulo loti osagwira kanthu limateteza inuyo poyamba: lionfish ndi scorpionfish zili ndi minga yaululu, ndipo zimakonda pomwe dzanja lingafune kutsamira.

Musadyetse nsomba buledi pa sitima. Zimenezo zisiyireni a pa boti la alendo.

Ndipo pakati pa zonsezi, geji. Mphindi ziwiri zilizonse. Kampango sakuuzani kuti mwatsala ndi 70.

## 10. Osalowa m'kati, osatenga kanthu

Khomo la sitima limaitana. Mukaunika m'kati madzi amaoneka oyera, ndipo potulukira pakuoneka. Koma pansi pake pali matope a zaka zambiri, ndipo kudenga kuli dzimbiri lomwe thovu lanu limagwetsa. Mafini akapalasa kawiri, tochi imangoonetsa khoma la fumbi, khomo lija osaonekanso, ndipo m'mwamba muli chitsulo. Kulowa m'sitima ndi maphunziro apadera, okhala ndi chingwe cholondolera njira, matochi awiri, ndi lamulo logawa mpweya patatu: gawo lolowera, lotulukira, ndi losunga. Ngati simunaphunzire, unikani muli panja. Wotsogolera akakukodolani kuti mulowe pomwe simunagwirizane, pukusani mutu.

Za kutenga: kabawuti kamodzi, kambale kamodzi, aliyense akatero sitima imatha. Thistlegorm yataya zinthu zambiri mwa njira imeneyi. Kuno kwathu zinthu zakale zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo mukapeza chombo chakale chomwe sichidziwika, jambulani, lembani malo, dziwitsani a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Gombe la Nkhotakota linali doko la zombo za a Jumbe zomwe zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, choncho thabwa kapena nangula wakale m'madzi a kuno si nkhuni kapena chitsulo chogulitsa pa sikelo.

Kumbukiraninso kuti sitima zina ndi manda. Thistlegorm inapita ndi anthu 9. SS Yongala ya ku Australia inamira mu 1911 ndi anthu 122, ndipo kulowa m'kati mwake n'koletsedwa. Pa nyanja yathu, MV Vipya inamira mu Julayi 1946 kumpoto, cha ku Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Kumanda tonse timadziwa kayendedwe kake.

## 11. Kukwera

Bwererani pa chingwe pa nambala yomwe munagwirizana, ngakhale mutaona chinthu chokongola bwanji. Kwerani osapitirira mamita 9 pa mphindi, ndipo kompyuta ikalira, imani. Tulutsani mpweya m'jekete pang'onopang'ono mukamakwera, chifukwa umafufuma. Batani lothira mpweya si chikepe.

Osagwira mpweya m'chifuwa, ngakhale kamodzi. Mpweya womwe mwapuma pansi umakula mukamakwera, ndipo mapapo amang'ambika.

Pa mamita 5 imani mphindi zitatu. Mukachokera pa mamita 30 kuima kumeneku si kosankha. Ine ndimakhala zisanu mpweya ukalola. Mamita 5 omalizawo kwerani mochedwa kuposa ena onse, mukumvetsera injini za maboti. Ngati chingwe mwachitaya, tumizani boya lanu pamwamba muli pansi, kuti woyendetsa boti akuoneni, ndipo chingwe cha boyalo musachimangirire pathupi.

## 12. Mukatuluka, ulendo sunathe

Nayitrojeni ikadali m'thupi, ngati mpweya wa m'botolo la thobwa losasa. Mukalitsegula pang'onopang'ono limangofwenthera, mukalitsegula mwamsanga mukudziwa zomwe zimachitika. Imwani madzi, khalani pamthunzi, musanyamule zolemera, mowa udikire madzulo. Ngati mubiranso, pumulani ola limodzi kapena kupitirira, ndipo ulendo wachiwiri ukhale wosaya.

Ndege: dikirani maola osachepera 12 mukabira kamodzi, 18 mukabira kangapo. Ambiri amazidziwa zimenezi. Chomwe amaiwala ndi msewu. Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, Dedza pafupifupi 1,600. Kuchoka ku Cape Maclear kudzera pa Golomoti kukwera ku Dedza ndi kukwera mamita oposa 1,000 m'kanthawi kochepa. Msewu wa M14 wochoka ku Salima nawo umakwera, chimodzimodzi wa ku Ntchisi kapena ku Kasungu kuchokera ku Nkhotakota. Gonani kunyanja, munyamuke mawa. Wa M5 wotsata gombe ulibe vuto limeneli.

Zizindikiro za matenda a nayitrojeni zoti musazinyalanyaze: kupweteka m'mapewa, m'zigongono kapena m'mawondo, dzanzi, kufooka kwa mwendo kapena mkono, chizungulire, zidzolo zamawangamawanga, kutopa kosadziwika bwino, kuvutika kukodza. Zikaoneka, munthuyo agone chagada, apume okosijeni, apite kuchipatala, ndipo muwauze madokotala kuti wachokera kobira, kuya kwake ndi nthawi yake. Osamubwezera m'madzi. Chipinda chochizira matendawa sichipezeka m'chipatala chilichonse, ndiye inshuwalansi ya obira, ngati ya bungwe la Divers Alert Network (DAN), ndi nambala yawo ya ngozi zikhale zokonzeka musananyamuke kunyumba.

Pomaliza tsukani zida, ndipo ngati munalowera pa gombe la mabango kapena pomwe anthu amachapa, kayezetseni likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kuvala mtovu wambiri "kuti ndimire msanga." Mumamiradi, kenaka mumadzaza jekete kuti muyandame, miyendo imalendewera, mafini amalima matope, mpweya umatha. Mavuto awiri oyamba a pachiyambi paja nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli.

Kubisa nambala ya geji. Munthu watsala ndi 60 koma akuonetsa kuti zili bwino, poopa kudula ulendo wa anzake omwe alipira ndalama zambiri. Ndaonapo bambo wamkulu ndithu akuchita zimenezi chifukwa wotsogolera anali mtsikana wamng'ono kwa iye. Anakwera akupumira silinda ya mtsikana yemweyo.

Kutsatira kompyuta ya wotsogolera. Iye mwina ali pa nitrox, kapena wakhala mamita atatu pamwamba panu nthawi yonseyi.

Kubwera ndi kamera pa ulendo woyamba. Maso amakhala pa kagalasi, mnzanu wapita, chingwe simukudziwa komwe chili. Kaoneni kaye sitimayo ndi maso, kamera idzabwere ulendo wachiwiri.

Kubira ndi matsire. Usiku wa pa Senga Bay umakoma, koma thupi louma madzi limagwidwa msanga ndi matenda a nayitrojeni, ndipo kusanza mu regulator pa mamita 30 si nkhani yoseketsa.

Kuponya nangula pa sitima penipeni. Amaphwanya chomwe mwabwera kudzaona, ndipo amakodwa. Pomwe pali boya lokhazikika mangani pamenepo.

Kusiya boti lopanda munthu, kapena ndi mnyamata yemwe sadziwa kuliza injini. Mwera ukayamba muli pansi, mudzatuluka n'kupeza boti lili kutali, likulowera kumpoto. M'botimo mukhale munthu wodziwa injini, wodziwa mphindi zomwe mwanena kuti mukhala pansi, ndiponso woti aimbire ndani mphindizo zikadutsa.